Buku Lofiira la ku Sodalgarh

Kamodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri ndimakwera phiri ili
ndi buku lokulungidwa m'nsalu yofiira,
lolemera ngati mwana wogona.
Bambo anga ankafika pa ngamila.
Ine ndatsika basi pamphambano,
nsapato zitamwa mchenga wa Marwar.

Pachipata padakali misomali yoopseza njovu za adani,
koma pambali pake apachika chikwangwani:
zipinda khumi ndi ziwiri, madzi otentha, chakudya cham'mawa.
Nkhunda sizidziwa kuwerenga.
Zikuswerabe m'kamwa mwa mzinga.

Thakur Achal Singh wandilandira ali chikhalire,
mawondo adamukana chaka chatha.
Nduwira ndi yachikasu monga kale,
ndevu zogawa pakati ngati za agogo ake pachithunzi,
koma m'thumba la malaya mukusuzumira bilu ya magetsi.

"Werenga, Kesardan."

Ndiye ndiwerenga.
Sodal, amene mfumu idampatsa midzi makumi awiri ndi inayi
chifukwa adatchinga chipata usiku wonse ndi dzanja limodzi.
Sodal adabala Bhojraj, Bhojraj adabala Megh,
Megh adabala Dungar wokumba chitsime chamakwerero m'chaka cha njala,
yemwe adafa ndi ngongole ya siliva kwa amalonda.
Pa Sagat ndikhosomola, ndidumpha mizere itatu.
Adakwapula mlimi chifukwa cha muyezo umodzi wa mapira
mpaka mlimiyo sadadzukenso.
Inki idalemba, siinama,
koma lilime langa lidakulira mchere wa nyumba ino.

Kenaka tsamba lija,
pamene boma lidabwera ndi unyolo woyezera minda.
Midzi idapita kwa oilima,
ndipo oilimawo sadalire.
Thakur atseka maso apa nthawi zonse
ngati munthu womeza mankhwala owawa.
Kudatsala linga, mahatchi awiri okalamba,
ndi malupanga oti aziwapaka mafuta pa chikondwerero.

"Wabadwa ndani?" ndifunsa, cholembera chili m'mwamba.

Chete.
Wamkulu adagona kumalire, mendulo yake ili m'kabati.
Wamng'ono ali ku Pune,
amatumiza ndalama ndi moni, koma mapazi ayi.

Pabwalo pakumveka mawu a mkazi
akukangana ndi amisiri za mtengo wa laimu.
Makiyi makumi atatu akulira m'chiuno mwake.
Ndiye adamata denga la chipinda cha magalasi,
ndiye amadziwa mlendo wodana ndi tsabola,
ndiye adapita yekha kukhoti pa mlandu wa msipu
nabwerako fumbi lili m'tsitsi, chikalata chili m'manja.

"Lemba iyeyo," atero Thakur. "Mwana wa malemu."

Ndiyang'ana buku.
Mibadwo khumi ndi isanu ndi umodzi,
akazi amalowamo pambali, m'zilembo zazing'ono,
mwana wa uje, wochokera kwakuti,
natuluka ngati utsi wa lubani.
Pamzere wa eni linga sipadakhalepo mmodzi.
Bambo anga akadatseka buku, nakapempha madzi akumwa.

"Dzanja likunjenjemera, Kesardan?
La Sodal lidali limodzi, koma silidanjenjemere."

Alowa osavula magalasi adzuwa,
agwira mapazi a agogo ake, aweramira tsamba.
"Sugan Kanwar," atero. "Musaiwale kadontho pamwambapo."
M'zikhadabo zake muli laimu.

Ndilemba.
Inki ikhala yonyowa nthawi yaitali kuposa masiku onse,
ndiwazapo mchenga wa m'nsapato yanga.
Pakhoma pikoko alira ngati wapondedwa,
m'munsi galimoto ya alendo iliza hutala.

Kale malipiro anga adali ngamila ndi mkanjo.
Iye afunsa nambala yanga,
foni inthunthumira m'thumba.
"Mubwerenso zisanathe zaka zisanu ndi ziwiri," atero,
"ndipo tsiku limenelo mudzawerenge za Sagat yemwe.
Adzukulu a mlimi uja ndi amene akundimangira khoma."

Nditsika phiri dzuwa likupendeka.
Buku lalemerako dzina limodzi,
ndi mizere itatu
imene ndiyenera kuphunzira kuitchula mokweza.